Bwanji sitidya mtengo? Funso limene ndinalithawa m'kalasi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ndipo lero muli ku Lilongwe, ku Mzuzu, ena mpaka ku Joni. Papita nthawi ndisanalembe pano, mundikhululukire. Teremu yathayi inali ya mpanipani, komanso mukudziwa kuti kuno kumapiri netiweki imafuna munthu ayambe wakwera pachulu. Lero ndabwera ndi ngongole. Mwini wake sindikumupeza, ndiye ndaganiza zoibweza pano pagulu.

Ngongoleyi ndinaitenga mu Febuluwale 2025, m'kalasi ya Fomu 3. Mukukumbukira mmene zinalili. Ng'amba ya 2024 inali itapsereza chimanga, nkhokwe zinali mbee, ndipo ana ambiri ankabwera kusukulu m'mimba muli pululu. Tsiku limenelo ndinkaphunzitsa za kagayidwe ka chakudya m'thupi. Ndinajambula mikanda pabolodi. Ndinati mkanda uliwonse ndi shuga wotchedwa glucose. Mikanda ikalumikizana mwa njira ina imapanga stachi, amene ali mu ufa wathu wa nsima. Ikalumikizana mwa njira inanso imapanga cellulose, amene ali mu thonje, m'mapesi ndi mu mtengo.

Mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo, wosakonda kuyankhula, anakweza dzanja.

"Sala, mwati ufa ndi shuga wolumikizana, mtengonso ndi shuga yemweyo. Nanga bwanji anthu akugona ndi njala mitengo ili mbwee m'phirimu? Bwanji sitidya mtengo?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ine ndinayankha mwachangu kuti, "Chifukwa thupi la munthu lilibe enzyme yotchedwa cellulase. Lembani zimenezo, zimabwera pa mayeso." Iye anafunsanso kuti, "Nanga ali nayo ndani, sala?" Ndinayang'ana wotchi, ndikuti zimenezo sizili mu silabasi, titsegule tsamba lotsatira.

Yankho langa silinali labodza. Koma linali yankho la munthu amene akutseka chitseko. Ndipo usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa funso lomwelo ndinadzifunsapo ndekha kalekale. Pa njala ya 2002 ndinali mnyamata, ndipo ndinaona ndi maso anga azimayi a kwathu akukumba zitsa za nthochi, kuzisinja, kuziyanika, kuti asakanize ndi gaga. Mimba inkadzaza koma thupi linkangopitirira kutha. Ndinkadziwa kuti chinachake chikulowa m'mimba ndi kutuluka chosatsegulidwa. Patapita zaka zoposa 20, mwana wandifunsa zomwezo, ine ndi dipuloma yanga ndikumuuza kuti titsegule tsamba lotsatira.

Choncho ndinayamba kuwerenga, pafoni, usiku, bandulo ikalola. Zimene ndinapeza ndi izi, ndipo ndiyesetsa kuzinena mmene ndikanayenera kuzinenera tsiku lija.

Kusiyana kwa stachi ndi cellulose kuli pa mfundo yolumikizira mikanda ija. Mu stachi, unyolo umapindikapindika, madzi amalowa mosavuta, ndipo malovu athu ali ndi enzyme yotchedwa amylase imene imadula mfundozo. Mu cellulose, mkanda uliwonse umakhala chogadama poyerekeza ndi mnzake, ndiye unyolo umawongoka ngati bango. Maunyolo owongokawo amagona moyandikana, kugwirana mwamphamvu m'mbali, kukhala ngati mtolo wa tsekera womangidwa ndi munthu wodziwa kumanga. M'malo ambiri mtolowo ndi wothinana kotero kuti ngakhale madzi salowa. Koma apo ndi apo pali malo ophwanyuka, pamene maunyolo sanagone bwino. Malo amenewo muwakumbukire, tiwapezanso kutsogoloku.

Mu mtengo, cellulose ndi pafupifupi theka. Zotsalazo ndi hemicellulose ndi lignin, zimene zimamata mitolo ija ngati simenti pa njerwa. Ndi chifukwa chake mtengo wa bulugamu umasenza denga la chigafa zaka zambiri osagonja. Chimene chimaupatsa mphamvu yosenza denga ndi chomwechonso chimene chimaukaniza kukhala chakudya chathu.

Tsono ali nayo ndani cellulase? Ng'ombe payokha ilibe, koma m'chifu mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi timene timaphwanya udzu, ng'ombeyo ndikumadya zimene tizilomboto tatulutsa. Chiswe cha m'chulu nachonso chili ndi mnzake wogwira naye ntchito. Chimatuta timitengo ndi udzu kupita nazo pansi, kumene chimalima bowa, ndipo bowayo amathandiza kufewetsa ndi kuphwanya zimene chiswe pachokha chikanavutika nazo. Mvula ikagwa bowa uja amatulukira pamwamba pa chulu, ife ndikuthamangira ndi lichero kukazula utale. Mukadzapita m'nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, kagwireni chipika chimene chinagwa kalekale. Chimafumbutuka m'manja ngati mkate. Nkhwangwa sinafikepo, moto sunafikepo. Ndi ntchito ya ma enzyme a bowa ndi nkhungu.

Ndiye yankho loyamba kwa mwana uja likanakhala lakuti: mtengo ndi udzu timadya ndithu, koma wina amayamba watitafunira. Utale, ngumbi, mkaka, nyama ya mbuzi, zonsezi ndi cellulose amene wadutsa kaye mwa mwini kiyi.

Ndikanaimira pomwepa, koma nkhaniyi inanditengera kwina kumene sindinkayembekezera. Tsiku lina mayi a kunyumba anabwera kuchokera ku msika wa Mponela ndi bulauzi ya pakaunjika, yofewa, yoterera m'manja. Anandipatsa kuti ndiwawerengere kachikwangwani ka m'khosi, akufuna kudziwa ngati ingalole simbi yamakala. Panalembedwa kuti 100% viscose. Nditafufuza ndinawauza kuti, "Mayi, mwagula mtengo." Iwo anati, "Abambo, mabuku akupengetsani." Koma ndi zoona. Viscose ndi cellulose wa mu mtengo amene wasungunulidwa ndi kuumbidwanso kukhala ulusi. Njira yake anaitulukira akatswiri atatu a ku England, a Cross, a Bevan ndi a Beadle, mu 1892.

Zimayenda chonchi. Mtengo amaudula tizidutswa, kuuphika ndi mankhwala kuti lignin ndi hemicellulose zichoke, mpaka kutsale phala loyera limene pa Chingerezi amati dissolving pulp. Phala limeneli ndi losiyana ndi lopangira mapepala chifukwa liyenera kukhala cellulose woposa 90 pa 100 aliwonse. Amaliumitsa kukhala ngati makatoni oyera ndi kulitumiza ku mafakitale a ulusi. Kumeneko amaliviika mu caustic soda, yemwe uja ena amapangira sopo, kuti lifufume. Agogo athu ankadziwa kale kuti chidulo chimafewetsa ndiwo zolimba, ndiye apa musadabwe kwambiri, kungoti caustic soda ndi waukali koposa. Kenaka amathiramo mankhwala otchedwa carbon disulphide, amene amakagwira pa maunyolo aja ndi kuwachititsa kuti alole kusungunuka. Zimasanduka madzi olemera ngati uchi. Madziwo amawakankha kudutsa m'timabowo tating'onoting'ono kulowa mu asidi, ndipo kumeneko cellulose amaumanso ali ulusi.

Imodzi mwa mafakitale akuluakulu padziko lonse opanga phala limeneli ili kufupi kuno, ku Umkomaas, kumwera kwa Durban ku South Africa. Dzina lake ndi Saiccor, inayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo eni ake ndi kampani ya Sappi. Mtengo umene amagwiritsa ntchito kwambiri ndi bulugamu, yemweyu amene wazungulira sukulu zathu ndi zigafa za fodya ku Dowa kuno. Ana anga amene muli ku Joni, mukadzaona galimoto zodzaza ndi zipika zikulowera kumeneko, dziwani kuti zina mwa izo ndi malaya.

Tsopano vuto ndi lomwe lija la m'mimba mwathu. Mtolo wa tsekera uja ndi wothinana, ndipo phala likaumitsidwa umathinana koposa. Mankhwala amafika kunja kwa mtolo koma m'kati amavutika kulowa. Cellulose amene sanakhudzidwe sasungunuka bwino, amatsala timibulu timene timatseka sefa ndi kudula ulusi. Akatswiri ali ndi muyeso wake, wotchedwa Fock, umene umaonetsa kuchuluka kwa cellulose amene walola kugwirizana ndi mankhwala. Phala likakhala louma mtima, fakitale imakakamizika kuthira carbon disulphide wambiri. Ndipo mankhwala amenewa ndi poizoni. Kuyambira kale, anthu ogwira ntchito m'mafakitale a viscose akhala akudwala mitsempha, mtima, ena kusokonezeka mutu, chifukwa chopuma mpweya wake. Choncho nkhani yochepetsa mankhwalawa si ya ndalama yokha. Ndi ya mapapo ndi ubongo wa munthu amene anapanga bulauzi ya mayi a kunyumba.

Apa ndi pamene ma enzyme akulowera. Cellulase si enzyme imodzi, ndi banja. Ina imayambira kumapeto kwa unyolo ndi kumabudula mikanda iwiriiwiri. Ina imamaliza ntchito, kusandutsa tizidutswato glucose. Koma pali ina yotchedwa endoglucanase imene imadula pakati pa unyolo, makamaka pa malo ophwanyuka aja ndinati muwakumbukire. Wopanga viscose safuna banja lonselo, chifukwa likagwira ntchito pamodzi phala lonse lingathe kukhala madzi a shuga. Iye amafuna endoglucanase yokha, pang'ono pokha, kwa kanthawi kochepa. Ikadula apo ndi apo, mtolo umamasuka, timipata timatseguka, ndipo mankhwala akabwera amapeza polowera. Palinso ina yotchedwa xylanase imene imathandiza kuchotsa hemicellulose wotsalira.

Mu 2006 ofufuza a ku KTH, sukulu ya ukachenjede ya ku Stockholm m'dziko la Sweden, anayesa zimenezi mwa njira imene ine monga mphunzitsi inandisangalatsa. Anadzifunsa kuti, kodi phala likufewa chifukwa chongoti maunyolo afupika? Ngati ndi choncho, asidi wamba angathe kuchita zomwezo. Ndiye anatenga phala lina kulithira endoglucanase, lina kulithira asidi. Anapeza kuti maunyolo akafupikitsidwa mofanana, phala la enzyme ndi limene linkalola mankhwala koposa la asidi. Kuti la asidi lifike pomwepo, linkayenera kuduliridwa kwambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti nkhani si kuchuluka kwa kudula, koma malo amene wadulapo.

Mbiri ya ma enzyme amenewa nayonso ndi yoseketsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a America amene anali ku zilumba za Solomon anaona matenti ndi zovala zawo za thonje zikuwola mofulumira. Wolakwa anapezeka kuti ndi nkhungu ina. Anaitengera ku labotale ya asilikali ku Natick, kumene a Elwyn Reese ndi a Mary Mandels anaiphunzira zaka zambiri. Poyamba cholinga chinali kuigonjetsa, koma mapeto ake anazindikira kuti mdaniyo ndi wantchito wabwino. Lero nkhunguyo imatchedwa Trichoderma reesei, potengera dzina la a Reese, ndipo imawetedwa m'mathanki akuluakulu kuti itulutse cellulase. Ma enzyme a banja limeneli amapezekanso mu sopo wina waufa wochapira, ndiponso ndi amene amagwiritsidwa ntchito posuwitsa ma jinzi amene anyamata athu amawakonda.

Nditawerenga kuti ma enzyme a m'fakitale amagwira bwino ntchito m'madzi ofunda, cha m'ma digiri 50, ndipo kuti kutentha kwambiri kumawapha, ndinaseka ndekha. Ndinakumbukira agogo anga akuphika thobwa. Phala likapsa ankaliphula, kulisiya kuti lipole pang'ono, kuliyesa ndi chala, kenaka ndi pamene ankathira chimera. Ukathira lili lowira, ankati, thobwa silitsekemera. Phala lolimba lija linkasungunuka pang'onopang'ono ndi kuyamba kuzuna. Chimera chili ndi amylase. Agogo sanapiteko kusukulu, koma mfundo imene ana athu amaloweza pa mayeso a MSCE, yakuti kutentha kumaononga enzyme, iwo anali nayo kunsonga ya chala.

Ndisakunamizeni kuti enzyme ndi matsenga. Ikapitirira muyeso imadula maunyolo mopyola, ulusi ndikutuluka wosalimba. Ili ndi mtengo wake wogulira. Ndiponso siichotseratu carbon disulphide, imangothandiza kuti afunike wochepa. Pa funso la njala lija, ndi zoona kuti banja lonse la cellulase lingathe kusandutsa utuchi kapena mapesi kukhala glucose, ndipo mafakitale ena amachita zimenezo pofuna kupanga mafuta a galimoto. Koma pamafunika kuyamba waphwanya lignin ndi kutentha kapena mankhwala, ndipo ndalama zake ndi zoposa kugula thumba la chimanga. Shuga yekhanso si chakudya chokwanira. Mwana uja anayenera kumva zimenezinso, kuti chitseko chilipo, kiyi ilipo, koma kutsegula kuli ndi mtengo wake.

Chimene chinandiwawa kwambiri pa kuwerenga konseku ndi cha kwathu konkuno. Amene munayendapo pa msewu wa M1 kupita ku Mzuzu mukuidziwa nkhalango ya Chikangawa, pa mapiri a Viphya. Mahekitala oposa 50,000 a paini aja sanadzalidwe kuti akhale matabwa ayi. Kudzala kwakukulu kunachitika kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chakuti mitengoyo idzadyetse fakitale ya phala la mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Kampani yake inakhazikitsidwa, yotchedwa VIPCOR. Koma ndalama zofunika zinali zambiri, panalinso mantha akuti zonyansa za fakitale zingaononge nyanja, ndipo fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, ina inapita ku matabwa ndi mapulaiwudi, yambiri inatha ndi macheka ndi moto wolusa.

Sindikunena kuti amene anaopa kuononga nyanja analakwa. Chambo ndi usipa zikanatha, tikanalira koposa. Chimene ndikunena ndi chakuti ife tinadzala mitengo, koma nzeru yotsegula mtengo tinaisiyira ena. Lero timagulitsa thabwa, timawotcha makala, ndipo malaya a mtengo amatipeza atavalidwa kale ndi munthu wina, ali pa mulu wa kaunjika. Ngati tsiku lina dziko lino lidzaganizenso zopanga kanthu kuchokera ku mitengo yake mwa njira yosaipitsa madzi, adzafunika anthu odziwa ma enzyme. Anthu amenewo lero ali mu Fomu 3. Ndipo mmodzi mwa iwo atafunsa funso loyenera, ine ndinayang'ana wotchi.

Teremu yotsatira ndinalowa m'kalasi muja ndi makapu awiri a phala, kapaketi ka chimera, ndi kabotolo ka ayodini. Kapu ina tinathira chimera phala lili lowira, ina litapola. Tinadikira, tinadontheza ayodini, ana anaona okha kusiyana kwa mtundu. Tinatenganso kansalu ka thonje ndi kansalu ka poliyesita, kukazikwirira m'mbali mwa chulu kuseri kwa sukulu. Patapita masabata angapo tinakafukula. Ka thonje kanali zibowo zokhazokha, ka poliyesita kanali kadakali bwinobwino, kungoda ndi dothi. Sindinaonepo kalasi ikukangana za sayansi ngati tsiku limenelo. Mnyamata wina anafunsa ngati bulauzi ya viscose ingadyedwenso ndi chiswe. Ndinamuuza kuti ayankhe yekha kuchokera pa zimene waphunzira, ndipo anayankha bwino. Mayi a kunyumba anakana kupereka bulauzi yawo kuti titsimikize.

Koma mwini funso panalibe. Anzake anandiuza kuti njala itakula banja lawo linasamukira kwa achibale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo iye anapita nawo. Malo ake kumbuyo kuja anakhalapo wina.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa mavuto athu. Silabasi ndi yaitali, ana ndi ochuluka, labotale ena tilibe, ena tili nayo koma ndi chipinda chosungiramo makasu. Inenso mawa ndidzayang'ana wotchi. Koma akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife ndi amene timaphunzitsa ana kuleka kufunsa. Mwana akafunsa chimene simukuchidziwa, palibe manyazi kunena kuti, "Sindikudziwa, ndikafufuze, tidzakambirane Lolemba." Mawu amenewo satha ndi mphindi imodzi yomwe. Ine ndinalephera kuwanena. Ndipo zida zophunzitsira ma enzyme zili ponseponse m'midzi yathu: chimera, masamba a papaya ofewetsera nyama, chulu, chipika chowola.

Kwa inu ana anga akale, ngati pali funso limene ndinakutsekerani pakamwa zaka zimenezo, ndilembereni, ndiyesa kuliyankha ngakhale mochedwa. Ndipo ngati wina mwa inu akudziwa kumene kuli mtsikana uja, dzina sinditchula koma a kalasi yake akumudziwa, chonde mumuwerengere zimenezi. Mumuuze kuti amene ali ndi cellulase ndi bowa, nkhungu, chiswe ndi tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe. Mumuuze kuti funso lake akulifufuzabe anthu a madigiri awo ku Sweden ndi kwina, ndipo kuti amene anaseka tsiku lija sanadziwe chimene ankaseka. Mumuuzenso kuti akafuna kubwerera, malo alipo, ndipo za yunifolomu ndi makope tidzaona chochita.

Ndapita, kuli mulu wa mapepala a Fomu 4 ukundidikira patebulo. Nawonso ndi mtengo.